Kodi ndalama zolipira akatswiri ochokera kunja kwa fakitale zimabwerera?

Funso

Ndimayendetsa fakitale yapakatikati yopanga mapampu a madzi. Chaka chino bizinesi yatisiyira kandalama, koma tasemphana maganizo ndi mnzanga amene tinayambitsa naye kampaniyi. Iye akufuna tigule makina atsopano odulira ndi kusema zitsulo. Ine ndikufuna tiitane kampani ya mainjiniya idzaunike kapangidwe ka mapampu athu, komanso ena adzatiikire pulogalamu ya pakompyuta yoyang'anira katundu ndi maoda. Mnzangayo akuti anthu oterewa amagulitsa pakamwa ndi mapepala basi, pomwe makina umawagwira ndi manja. Kodi ntchito za akatswiri otere zimathandizadi fakitale kupikisana ndi anzake pamsika?

Yankho

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo anzanuwo, chifukwa zimene akunenazo sanazilote. Pantchito yanga ndalowapo m'maofesi a mafakitale angapo n'kupeza lipoti lonenepa la alangizi lili pashelefu, fumbi lili mbuu, pomwe kuseri kwa khoma makina akulira monga ankalirira alangiziwo asanabwere. Ndalama zinapita, chinatsala ndi chikuto chokongola. Munthu amene anaonapo zoterezi sungamudzudzule akamakhulupirira chitsulo.

Komabe amene akugulitseni makinawo, mawa akagulitsa ena ofanana nawo kwa amene mukulimbirana naye msika, ndipo akamupatsa buku lomwelo la kagwiritsidwe ntchito. Pakutha kwa chaka nonse muli pamzere umodzi. Mafakitale awiri okhala ndi makina ofanana amasiyana pa zimene anthu ake amadziwa: pampu ijambulidwe bwanji kuti izidya magetsi ochepa, ndi chitsulo chiti chimene chimapirira madzi a mchenga, n'chifukwa chiyani makasitomala akubweza mapampu ena akudontha. Nzeru zina mwa zimenezi mumazitola nokha pogwira ntchito, zina mumachita kugula. Funso lanu lagona pa zogulazo.

Ofufuza za chuma anawapatsa dzina makampani ogulitsa nzeruwa. Mu 1995 Ian Miles ndi anzake a ku Manchester analemba lipoti limene linatchukitsa chidule chakuti KIBS, kutanthauza ntchito zothandiza mabizinesi zimene maziko ake ndi ukatswiri. Mbali ina kuli maloya, owerengera ndalama, alangizi a kayendetsedwe ka kampani ndi ofufuza za msika. Mbali inayo kuli a zaumisiri: mainjiniya, ojambula kapangidwe ka katundu, malabotale oyeza zinthu ndi olemba mapulogalamu a pakompyuta. Kampani ya alonda kapena yosesa nayonso imagwirira ntchito fakitale, koma mutha kuilipira, kutseka ofesi n'kumapita kwanu, ntchito n'kugwirika. Injiniya wochokera kunja simungamusiye choncho. Iye amadziwa za madzi ndi zitsulo, inu mumadziwa makasitomala anu, makina anu ndi amisiri anu, ndipo chaphindu chimabadwa mbali ziwirizi zikakhalirana pansi.

Ntchitozi si zapambali ayi. Mabungwe oona za chuma ndi malonda a mayiko, a OECD ndi WTO, atayamba kuwerengera malonda a pakati pa mayiko potsata kumene mtengo wa katundu wawonjezekera, anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa katundu wa m'mafakitale wotumizidwa kunja limachokera ku ntchito zothandizira. M'menemo mulinso za mtengatenga, mabanki ndi ogulitsa, choncho si zonse zimene zili za akatswiri, koma mukutha kuona kuti chinthu chimene timachitcha "chopangidwa m'fakitale" chimadutsa m'manja mwa anthu ambiri amene sanagwirepo sipanala.   

Umboni umene ndimaudalira kwambiri unachokera ku India. Kafukufuku wambiri pankhaniyi ali ndi chilema chimodzi: makampani amene amalemba alangizi kawirikawiri amakhala ochita bwino kale, ndiye sudziwa ngati alangiziwo ndiwo awalemeretsa, kapena kulemerako ndiko kwawapatsa mphamvu zolembera alangizi. Nicholas Bloom wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake, mmodzi mwa iwo wa ku World Bank, anazemba msampha umenewu. Kuyambira mu 2008 anatenga mafakitale oluka nsalu a kufupi ndi Mumbai n'kuwagawa mwamaere. Onse anayenderedwa ndi alangizi kwa mwezi umodzi n'kuuzidwa zofooka zawo. Gulu lina linasiyidwa pomwepo ndi malangizowo. Gulu linalo alangizi anakhala nalo miyezi ina inayi, akuyenda pakati pa makina, kuthandiza kuti zolangizidwazo zichitikedi.

Zimene ankaphunzitsazo mutazimva mutha kuseka. Zinali njira 38 za kayendetsedwe ka ntchito, monga kulemba cholakwika chilichonse cha pansalu ndi mtundu wake n'kumakambirana tsiku lililonse, kukonza makina pa nthawi yoikika asanawonongeke, kuchotsa zinyalala ndi zitsulo zakale pansi, kudziwa kuti ulusi wa mtundu wakuti ulipo wochuluka bwanji ndipo uli pati. Palibe chodabwitsa. Koma m'chaka choyamba mafakitale amene anathandizidwa mpaka kumapeto anakweza kapangidwe kawo ka katundu ndi 17 peresenti, chifukwa nsalu zolakwika zinachepa, ulusi wongokhala m'nyumba yosungira unachepa, ndipo makina sankaimaima monga kale. Amene anangouzidwa zofooka zawo n'kusiyidwa anatolapo zochepa. Muwauze anzanuwo mbali imeneyi, aikonda, chifukwa ikugwirizana ndi zimene akunena za mapepala.

N'chifukwa chiyani eni mafakitalewo sankachita okha zinthu zophweka chonchi? Zina anali asanazimvepo. Zina ankazidziwa, koma ankati kwa iwo sizingapindule kanthu, poti nsalu zawo n'zabwino kale poyerekeza ndi za anzawo oyandikana nawo, amene nawonso ankachita chimodzimodzi. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Munthu amene walowa m'mafakitale makumi asanu amaona msanga chimene inu mwachizolowera mpaka kusiya kuchiona.

Akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame. Ofufuza aja anabwereranso patapita zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi, n'kupeza kuti pafupifupi theka la njira zimene zinaphunzitsidwa linasiyidwa. Zifukwa zazikulu zinali ziwiri: mamanejala amene anaphunzira anachoka ntchito, ndipo eni ake analibe nthawi yolondoloza. Mafakitalewo anali adakali patsogolo pa anzawo aja, koma nzeru zambiri zinatuluka pageti limodzi ndi anthu amene anazisunga m'mutu.

Tsopano tibwere ku mapampu anu, chifukwa mainjiniya amene mukufuna kuwaitanawo ntchito yawo ndi ina. Mbali yaikulu ya ndalama zopangira chinthu imatsimikizika chikadali pa pepala. Wojambula akaika mabawuti khumi ndi awiri pamene asanu ndi atatu akanakwana, kapena akalamula kuti chitsulo chisemedwe mosalala kwambiri pamalo pamene sipakhudzana ndi kanthu, mudzalipira cholakwikacho pa pampu iliyonse kwa zaka zonse zimene mudzaipange. Makina atsopano adzangosema msanga chitsulo chimene sichimafunika kusemedwa. Chinanso, pampu imene imagwira ntchito maola ambiri pa tsiku imadya ndalama zambiri pa magetsi m'moyo wake kuposa mtengo umene inagulidwira. Wogula wochenjera amadziwa zimenezi, ndipo amafunsa kaye za kadyedwe ka magetsi asanafunse mtengo. Kadyedweko kamadalira kwambiri kapindidwe ka mapiko ozungulira amene amakankha madzi mkati mwa pampu. Masiku ano mainjiniya amayesa mapiko a mitundu yambirimbiri pakompyuta, kuona mmene madzi akuyendera, asanasungunule chitsulo ngakhale chimodzi. Pulogalamu yochitira zimenezi ndi yodula, ndipo munthu woidziwa bwino ndi wodula koposa. Fakitale yapakatikati singamusunge chaka chonse pomwe ikumufuna miyezi iwiri yokha. Kampani ya mainjiniya imamusunga, n'kugawa malipiro ake kwa makasitomala ambiri. Apa ndiye pagona phindu lenileni la makampaniwa kwa mafakitale ang'ono: amakubwerekani mutu umene simukanatha kuugula wonse.

Musaganize kuti amachita zimenezi ndi ang'onoang'ono okha. Makampani akuluakulu a galimoto amatumiza ntchito yokonza ndi kuyesa mainjini ku AVL ya ku Graz m'dziko la Austria ndi ku Ricardo ya ku Britain. Maonekedwe a galimoto zambiri za Ferrari ndi Peugeot anajambulidwa ndi Pininfarina ya ku Turin.

Pali khomo lina limene makina sangakutsegulireni, la ziphaso. Ogula akuluakulu ambiri salankhula nanu ngati mulibe satifiketi ya ISO 9001, muyezo wa kayang'aniridwe ka ubwino wa katundu umene unatuluka koyamba mu 1987. Makina ogulitsidwa m'mayiko a European Union amayenera kukhala ndi chizindikiro cha CE chosonyeza kuti akwaniritsa malamulo a kumeneko, ndipo kumbuyo kwa chizindikirocho kumakhala mafayilo a umisiri ndi zotsatira za mayeso. Makampani oyeza katundu ndi kupereka ziphaso ngati SGS, Bureau Veritas ndi TÜV amadyera pomwepa. Pampu yabwino yopanda umboni imagulitsidwa kwa okhawo amene amakudziwani kale.

Mayiko ena anaona kuti nkhaniyi siyoisiyira msika wokha. Germany ili ndi bungwe la Fraunhofer, limene linakhazikitsidwa mu 1949 ndipo lero lili ndi malo ofufuzira oposa 70. Boma limapereka gawo lochepa la ndalama zoyendetsera, zina zonse amazipeza pochita kafukufuku wa makontirakiti, choncho wofufuza amakakamizika kumva mavuto a eni mafakitale. Makampani apakatikati a ku Germany, amene ambiri ndi a mabanja, amatsamira kwambiri pa malo oterewa. Taiwan inakhazikitsa bungwe lofufuza za umisiri la ITRI mu 1973. Bungweli linatumiza mainjiniya achinyamata ku kampani ya RCA ku America kukaphunzira kupanga tizipangizo ta m'makompyuta, ndipo m'menemo munatuluka makampani opanga tizipangizoto, UMC mu 1980 ndi TSMC mu 1987. America nayo inayambitsa Manufacturing Extension Partnership mu 1988 kuti mafakitale ang'ono azipeza alangizi a zaumisiri pafupi. Ndikutchula zimenezi kuti musanapite ku kampani yodula, mufufuze ngati yunivesite kapena bungwe loona za miyezo lili ndi labotale imene mungagwiritse ntchito pa mtengo wotsika.

Stan Shih, amene anayambitsa kampani ya makompyuta ya Acer, anajambula mzere wopindika ngati milomo ya munthu amene akumwetulira. Nsonga imodzi ndi kafukufuku ndi kujambula, nsonga inayo ndi dzina la katundu, kugulitsa ndi kusamalira kasitomala, ndipo pakati potsika paja ndi polumikiza zipangizo. Ankatanthauza kuti m'makampani a makompyuta phindu lalikulu lili kunsonga. Kampani ya ARM ya ku Cambridge ndi chitsanzo chake: ilibe fakitale yopangira tizipangizo, imagulitsa makamaka zojambula ndi chilolezo, koma mafoni pafupifupi onse amayendera kapangidwe kake. Ine mzerewu sindiumeza wonse. TSMC imangopangira ena, ili pakati penipeni pa mzerewo, koma ndi imodzi mwa makampani opindula kwambiri padziko lonse, chifukwa kupanga kwakeko n'kodzaza ukatswiri umene ena alephera kuutsanzira. Phindu limatsata chimene n'chovuta kukopera, kaya chili pa pepala kaya chili pamakina.

Ndipo ngozi yaikulu yogula nzeru kunja ili pomwepo. IBM potulutsa kompyuta yake yaing'ono mu 1981 inafuna liwiro, ndiye inatenga pulogalamu yoyendetsera kwa Microsoft ndi ubongo wa kompyutayo kwa Intel, osawaletsa kugulitsa zomwezo kwa ena. Pasanapite zaka zambiri makampani ena anayamba kupanga makompyuta ofanana nayo, phindu n'kusamukira kwa awiri aja, ndipo mu 2005 IBM inagulitsa nthambi yonseyo kwa Lenovo. Boeing nayo pa ndege ya 787 inapereka kwa makampani ena ntchito yaikulu yojambula ndi kupanga zigawo zikuluzikulu. Ndege yoyamba inaperekedwa kwa wogula mu 2011, itachedwa ndi zaka zoposa zitatu, ndipo pakati panjira Boeing inachita kugula fakitale ya mmodzi mwa opanga zigawowo ku South Carolina kuti igwirenso chiwongolero. Kwa inu nkhaniyi ikutanthauza kuti: ngati chimene makasitomala amakondera mapampu anu ndi kapangidwe ka mapiko aja, mainjiniya akunja akuthandizeni kuwakonza, koma m'fakitale mwanu mukhale munthu womvetsa chifukwa chake apindidwa motero. Kumbukiraninso kuti kalumo kamene mlendo wakumeterani anakanolera kwa ena, ndipo akachoka kwanu akapita nako kwina, mwina kwa amene mukupikisana naye.

Mu 1990 ofufuza awiri, Wesley Cohen ndi Daniel Levinthal, anafotokoza mfundo imene aliyense wolemba alangizi ayenera kuidziwa: kampani imatha kutola nzeru zakunja molingana ndi zimene ikudziwa kale. Popanda injiniya wanu wofunsa mafunso ovuta, simungasiyanitse malangizo abwino ndi achabe, ndipo ngakhale abwinowo sadzamera. W. Edwards Deming, katswiri wa ziwerengero wa ku America, atapita ku Japan mu 1950 kukaphunzitsa kuyang'anira ubwino wa katundu pogwiritsa ntchito ziwerengero, anaitanidwa ndi bungwe la asayansi ndi mainjiniya a komweko, la JUSE. Anthuwo anali okonzeka. Anatenga zimene anamva, kuzisula mwa njira yawo n'kuzifalitsa m'mafakitale, mpaka kukhazikitsa mphoto ya dzina lake mu 1951. Nzeru zomwezo zinalipo kwawo ku America, koma mafakitale ambiri kumeneko sanazisamale mpaka katundu wa ku Japan atayamba kuwalanda msika.

Za pulogalamu ya pakompyuta ndinena mwachidule, ndipo mwina simukondwera. Ngati lero kaundula wa m'nyumba yosungira katundu akunena kuti muli mabeyaringi 200 koma pashelefu pali 140, kompyuta idzangofalitsa bodza lomwelo kwa anthu ambiri pa nthawi imodzi. Yambani ndi kukonza kawerengedwe, kupatsa chipangizo chilichonse nambala imodzi yokha, ndi kulemba molondola zonse zimene zimalowa mu pampu ya mtundu uliwonse. Mtengo wa pulogalamu sikuthera pa tsiku logula: pali chilolezo cha chaka ndi chaka, kuphunzitsa antchito, ndi miyezi ya chisokonezo pamene njira yakale ndi yatsopano zikuyendera limodzi. Ndipo musafunse wogulitsa pulogalamu ngati mukufunikira pulogalamu. Pa zinthu zitatu zimene mwatchulazi, imeneyi ndingaiike kumapeto.

Mukaganiza zoitana mainjiniya, pali zoyenera kulowa m'kontirakiti. Mayina a anthu amene adzagwire ntchitoyo alembedwe, chifukwa kawirikawiri wobwera kudzakunyengererani ndi mkulu wa imvi, koma wodzagwira ntchito ndi mnyamata wongotuluka kumene ku koleji. Zojambula, mafayilo a pakompyuta ndi zotsatira za mayeso zikhale zanu, m'mtundu umene mungatsegule popanda iwo. Asaulule za inu kwa ena. Yambani ndi pampu ya mtundu umodzi, imene imagulidwa kwambiri, ndipo mugwirizane pasadakhale choyezera: magetsi atsike ndi mlingo wakuti, kapena ndalama zopangira pampu imodzi zichepe ndi zakuti. Malipiro azituluka m'magawo, gawo lomaliza pampu yatsopano itayesedwa ndi madzi enieni. Koposa zonse, sankhani injiniya kapena mmisiri wanu mmodzi, makamaka awiri poopa zimene zinachitika ku India zija, amene adzakhale nawo tsiku lililonse, ndipo muwachotsere ntchito zina pa nthawiyo. Ambiri amalephera apa. Amalipira akatswiri ndalama zambiri, kenako n'kuwapatsa munthu amene ali ndi mphindi khumi zokha pa tsiku.

Nanga mkangano wanu ndi anzanuwo? Musauthetse ndi mawu. Ikani kope pambali pa makina amene akufuna kuwasinthawo, ndipo kwa mwezi umodzi woyendetsa makinawo azilemba nthawi iliyonse imene aima ndi chifukwa chake: akusintha zida, akudikira chitsulo, akubwereza chimene chinalakwika, awonongeka, kapena palibe oda. Mumuuze poyera kuti kopelo si lomugwirira mlandu, apo ayi adzalemba zokusangalatsani. Mafakitale ambiri akachita zimenezi amadabwa kuona maola amene amathera pa kusintha zida. Shigeo Shingo, amene ankapita ku Toyota kukaphunzitsa ngati mlangizi wochokera kunja, anatchuka ndi njira yotsitsira nthawi yosinthira zida kuchoka pa maola kufika pa mphindi zosakwana khumi, makamaka pokonzeratu zonse zimene zingakonzedwe makina akadali kuyenda. Pambali pa kopelo, sonkhanitsani madandaulo onse a makasitomala a chaka chathachi, ndiponso mufunse ogulitsa anu za maoda amene munaluza ndi chimene wogula ananena pokana.

Zikaoneka kuti makinawo amakhala chiimire theka la tsiku, kapena kuti maoda mukuluza chifukwa cha magetsi, kudontha ndi kusowa ziphaso, ndalamazo zipite kwa mainjiniya, ndipo anzanuwo ndiwo akhale oyang'anira ntchitoyo, popeza munthu wokayikira amafunsa bwino. Zikaoneka kuti makinawo akuyenda usana ndi usiku, maoda ali pamzere, ndipo makasitomala akungodandaula za kuchedwa basi, gulani makinawo chaka chino, mainjiniya adikire chaka chamawa.